Momwe Timu Ingagonjetsere Chiphona pa Mpikisano wa Njinga za Pamsewu

Chiyambire 2020, pamene anapambana Tour de France koyamba, Tadej Pogačar wa ku Slovenia wakhala akuwasowetsa tulo akuluakulu a matimu ena onse. Pofika 2025 anali atatenga mpikisanowu kanayi, ndipo mu September chaka chomwecho anateteza ukatswiri wa dziko lonse ku Kigali, m'dziko la Rwanda, atapalasa yekhayekha makilomita oposa 60 omaliza. Komatu munthu yemweyu anagonja pa Tour ya 2022 ndi ya 2023, monganso anagonjerapo Chris Froome, katswiri wa ku Britain, m'masiku amene ankaoneka wosagwedezeka. Tikaunika masiku amene ziphona zoterezi zagwa, tipeza kuti kawirikawiri chiphona chimakomokera pa phiri lomaliza chifukwa cha mphamvu zimene chinakakamizidwa kuwononga maola awiri m'mbuyomo. Njira zotsatirazi zikukhudza mmene mungachikakamizire kutero.

Choyamba: sankhani tsiku kudakali miyezi

Njira ya Tour de France imalengezedwa mu October, pamene mpikisanowo umachitika mu July, choncho nthawi yokonzekera ilipo yokwanira. Mwa magawo 21 a mpikisanowo, musayese kulimbana naye pa gawo lililonse, chifukwa opalasa anu asanu ndi atatu adzatha mphamvu iye akadali wanyonga. Onaninso mipikisano yake yam'mbuyo ndipo mufufuze pamene anaonekapo wolefuka: kaya ndi pa mapiri aatali opitirira mamita 2,000, kaya ndi pa tsiku lotentha kwambiri, kaya ndi m'sabata yachitatu. Mukapeza gawo limodzi kapena awiri amene zinthu zimenezi zakumana, konzani maphunziro a timu yonse moloza masiku amenewo, ndipo mupite kukaupalasa msewuwo kuti aliyense adziwe pamene pali makona, pamene msewu wapanikizika ndiponso kumene mphepo imachokera.

Chachiwiri: mulandeni anzake omutchingira mphepo

Aliyense amene anapalasapo njinga moyang'anana ndi mphepo ya mwera amadziwa kusiyana kwa kukhala patsogolo ndi kubisala kumbuyo kwa mnzake. Pa liwiro la akatswiri, m'malo athyathyathya, wobisala amapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake, koma pa chikwera chachikulu phindu limeneli limachepa kwambiri chifukwa liwiro limatsika. Apa m'pamene pagona nzeru yonse. Pa chikwera, chiphona sichisowa munthu wochithandiza, koma m'chigwa chimene chili pakati pa mapiri awiri chimamufuna kwambiri. Ntchito yanu ndi yoti chifike m'chigwamo chili chokha, inu muli atatu kapena anayi.

Zimenezi zingachitike mpikisano utangoyamba. Pa Vuelta a España ya 2016, pa gawo la 15 la makilomita osakwana 120 lopita ku Formigal, Alberto Contador ndi Nairo Quintana analiyatsa m'makilomita oyambirira enieni, anthu ambiri akadaganiza kuti tsiku silinayambe. Froome, amene anali atangopambana Tour m'chaka chomwecho, anapezeka kumbuyo, pafupifupi anzake onse a Team Sky atatsalira kutali. Anataya mphindi zoposa ziwiri ndi theka kwa Quintana, ndipo pamapeto pa mpikisano wonse Quintana anamuposa ndi mphindi imodzi ndi masekondi 23 okha. Mphepo yochokera m'mbali nayonso imagwira ntchito yomweyo, chifukwa imadula chigulu m'timagulu ting'onoting'ono. Pa Tour ya 2013, pa gawo lopita ku Saint-Amand-Montrond, timu ya Contador inalanda Froome mphindi yoposa imodzi pa msewu wopanda phiri lililonse.

Chachitatu: bwerani ndi atsogoleri awiri, onse oopsa

Iyi ndiyo njira yamphamvu kuposa zonse, ndipo chitsanzo chake chomveka bwino ndi gawo la 11 la Tour ya 2022, pa 13 July, kuchokera ku Albertville kukathera pamwamba pa Col du Granon. M'mawa wa tsikulo Pogačar anali atavala jezi yachikasu, imene amavala wotsogola pa mpikisano wonse, ndipo ankatsogola Jonas Vingegaard ndi masekondi 39. Timu ya Jumbo-Visma inali ndi Vingegaard komanso Primož Roglič, amene ngakhale anali atavulala phewa pa gawo lachisanu, anali akadali pafupi mokwanira pa mndandanda wa nthawi ya magawo onse moti Pogačar sakanamulekerera kuti apite.

Timuyo inayamba ndi kutumiza Wout van Aert ndi Christophe Laporte m'gulu lothawa, kagulu kamene kamachoka msanga patsogolo pa chigulu chachikulu. Chakumapeto kwa chikwera cha Télégraphe, kutatsala makilomita oposa 60, Roglič anafwamphuka, Laporte n'kuwakoka potsetsereka, ndipo pofika m'munsi mwa Galibier Pogačar analibe mnzake ndi mmodzi yemwe. Kenaka anayamba kumusinthana. Roglič akaliyatsa, Pogačar ankadzuka pachishalo kumutsatira pamene Vingegaard akupuma kumbuyo kwake, ndipo akangomugwira Roglič, Vingegaard ankachoka mbali inayo. Anachita zimenezi mobwerezabwereza, ndipo Pogačar anayankha ulendo uliwonse, mwina n'kuyambitsanso yekha. Pamwamba pa Galibier, pamtunda wa mamita oposa 2,600, ankaoneka ngati wapambana nkhondoyo, moti m'chigwa chotsatira anamwetulira kamera ya pa njinga yamoto.

Ngongoleyo anakaibwezera pa Granon, chikwera cha makilomita 11 chimene kutsetsereka kwake kumapitirira 9 peresenti. Kutatsala makilomita pafupifupi asanu, Vingegaard anachoka kamodzi kokha, ndipo ulendo umenewu panalibe yankho. Pogačar anafika pamwamba jezi ili yotsegula pachifuwa, mutu uli pansi, atataya mphindi ziwiri ndi masekondi 51.

Pali zinthu ziwiri zoti muzisamale mukafuna kutsatira njira imeneyi. Mtsogoleri wachiwiri ayenera kukhala woopsadi pa mndandanda, chifukwa chiphona sichithamangira munthu amene watsalira ndi mphindi khumi, ndiye muyenera kumuteteza m'sabata yoyamba ngati mmene mukutetezera woyambayo. Chinanso, awiriwo agwirizane usiku wa dzulo lake kuti ndani adzadzipereke. Roglič anawotcha mphamvu zake zonse pa Galibier ndipo sanamalize Tour imeneyo. Kupeza katswiri wa msinkhu wake wovomera ntchito yoteroyo n'kovuta kuposa kujambula ndondomekoyo papepala, ndipo matimu ambiri amene amadzitama kuti ali ndi atsogoleri awiri amangokhala ndi anthu awiri osakhulupirirana.

Chachinayi: ikani munthu kutsogolo kuti akadikire

Wopalasa wamphamvu m'malo athyathyathya sangakwere phiri limodzi ndi atsogoleri, koma mukamutumiza m'gulu lothawa m'mawa, amadutsa phirilo pa liwiro lake, n'kukadikira kutsidya. Pa Giro d'Italia ya 2025, pa gawo la 20, Simon Yates anayamba tsiku ali pachitatu, kumbuyo kwa Isaac del Toro ndi mphindi imodzi ndi masekondi 21. Anathawa pa Colle delle Finestre, phiri limene makilomita ake omaliza ndi a msewu wafumbi, ndipo atadutsa pamwamba anapeza van Aert, mnzake wa m'timu, akumudikira. Van Aert anamukoka m'chigwa chopita ku Sestriere, pamene kumbuyo del Toro ndi Richard Carapaz ankangoyang'anana, aliyense akukana kutsogola. Yates anapambana Giro yonse ndi mphindi pafupifupi zinayi. Chofunika apa ndi wailesi ya m'khutu: mkulu wa timu amene ali m'galimoto awerengetse bwino nthawi yomuuza munthuyo kuti aime, popeza akaima msanga phiri limamumeza asanathandize, ndipo akachedwa chigwa chimatha.

Chachisanu: musamupatse mpata wodya

Masiku ano akatswiri amadya magalamu 90 mpaka 120 a zakudya zopatsa mphamvu pa ola lililonse. Munthu amene ali yekha, amene akuyankha kufwamphuka kwa opikisana naye mphindi iliyonse, alibe womutengera mabotolo ku galimoto ndipo amaiwala kudya. Ikani anthu anu m'mbali mwa msewu ndi mabotolo pamalo ovomerezeka kuti mtsogoleri wanu asasowe kanthu, ndipo liwiro mulikweze pamene mukuona kuti chiphona chikufuna kupuma.

Chachisanu ndi chimodzi: pa mpikisano wa tsiku limodzi, mukakamireni mpaka pamzere

Apa masamu amasintha, chifukwa simukufuna mphindi, mukungofuna kuti tayala lanu lidutse mzere poyamba. Pa Milano-Sanremo ya 2025, Pogačar analiyatsa pa chikwera cha Cipressa n'kubwerezanso kangapo pa Poggio, koma Mathieu van der Poel sanachoke pa tayala lake lakumbuyo. Atafika mu Via Roma, msewu umene mpikisanowo umathera, ali atatu pamodzi ndi Filippo Ganna, van der Poel anayamba liwiro lomaliza kutatsala mamita pafupifupi 300, msanga kuposa mmene anzakewo ankayembekezera, ndipo Pogačar anathera pachitatu. Zikwera za mpikisano umenewu n'zazifupi komanso zosatsetsereka kwambiri, choncho wobisala kumbuyo amapindulabe, ndipo n'chifukwa chake kusankha bwalo loyenera kuli kofunika chimodzimodzi ndi miyendo.

Chiphona chikathawa chokha, otsalira agwirizane nthawi yomweyo, kusiyana kusanafike mphindi imodzi. Pa Amstel Gold Race ya chaka chomwecho, Remco Evenepoel ndi Mattias Skjelmose anathandizana mpaka anamupeza Pogačar kutatsala makilomita osakwana khumi, ndipo Skjelmose, amene ambiri sankamuwerengera, anawaposa onse awiri pamzere. Yerekezani zimenezi ndi mpikisano wa dziko lonse wa ku Zürich mu 2024, kumene Pogačar anachoka kutatsala makilomita 100, ndipo omuthamangitsa, m'malo mosinthana kutsogola, anatha nthawi akuthawana okhaokha. Ngati muli naye m'kagulu kochepa ndipo mukudziwa kuti iye ndiye wamphamvu, palibe lamulo lokukakamizani kumutchingira mphepo, ngakhale atakukodolani ndi chigongono kangati.

Chachisanu ndi chiwiri: gwirizanani za zimene mukulolera kutaya

Njira zonsezi zili ndi mtengo wake. Mtsogoleri amene waliyatsa kutatsala makilomita 60 angathe kukomoka iye mwini n'kuchoka pachiwiri kufika pachisanu ndi chimodzi, ndipo malo achiwiri pa Tour amabweretsa ndalama, mapointi a UCI (bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga padziko lonse) ndi chisangalalo cha makampani othandiza timu. Ichi n'chifukwa chake matimu ambiri amangoteteza malo amene ali nawo, zomwe zimapeputsira chiphona ntchito. Nkhani imeneyi ikambidwe poyera ndi eni timu mpikisano usanayambe, kuti wopalasa asadzazengereze pa mphindi imene akufunika kuchoka.

Muyenera kuyezanso moona mtima kusiyana kwa miyendo. Mu 2022 Vingegaard anali pafupifupi wofanana ndi Pogačar pa mapiri aatali, ndipo mu 2023 Pogačar anabwera atathyoka mkono pa mpikisano wa Liège-Bastogne-Liège mu April. Mu 2025 timu ya Vingegaard yomweyo, imene pa nthawiyo inkatchedwa Visma-Lease a Bike, inayesanso kumutopetsa kuyambira sabata yoyamba, koma pa Hautacam Pogačar anasiya Vingegaard ndi mphindi zoposa ziwiri, ndipo ku Paris kusiyana kunali mphindi zinayi ndi masekondi 24. Mukaona pa phiri loyamba lalikulu kuti mtsogoleri wanu akutaya nthawi yochuluka chonchi ngakhale ndondomeko yayenda bwino, masulani ena mwa opalasa anu kuti azilowa m'magulu othawa kukasaka magawo, ndipo musunge awiri kapena atatu pafupi ndi mtsogoleriyo kuti mwina kutentha, matenda kapena ngozi zingatsegule mpata m'sabata yomaliza.