Mmene ndinakonzera chiwongolero cholimba cha boti

Chiwongolero cha boti langa chinayamba kulimba, makamaka pokhotera kumanja, ndipo sindinafune kuchikakamiza chifukwa kutero kumaononga waya wopita ku injini. Ndinamasula chitsulo cholumikiza wayayo ku injini, kenaka ndinakankha injiniyo ndi manja, ndipo inatembenuka mosavuta. Izi zinasonyeza kuti vuto silinali pa injini, choncho ndinayang'ana m'paipi imene mumadutsa ndodo yakumapeto kwa wayayo.

Nditasolola ndodoyo, ndinapeza girizi wakale atauma gwa, atasakanikirana ndi dzimbiri. Ndinakwecha mkati mwa paipiyo ndi burashi yawaya, ndinapukuta ndodoyo mpaka itawala, kenaka ndinapaka girizi wosakokoloka ndi madzi. Pobwezeretsa ndinaika nati yatsopano yosamasuka yokha pa chitsulo cholumikiza chija, pakuti nati imeneyi ikamasuka muli pamadzi, boti silingawongolekenso.