Momwe mungaphunzirire Chiarabu chokwanira musanapite ku mayiko a Aluya

Amalawi amene amapita ku Dubai kukaoda katundu, ku Kuwait, Qatar kapena Oman kukagwira ntchito, ku Cairo kukaphunzira, ngakhalenso ku Makkah kukachita Hajj, ambiri amanyamuka akudalira Chingerezi. Pabwalo la ndege chimathandizadi, koma m'nyumba ya bwana, pamsika ndi kupolisi chimatha mphamvu. Simufunika kudziwa chinenero chonse, koma muyenera kuphunzira zinthu motsatira kufunika kwake.

Choyamba, dziwani dziko limene mukupita, chifukwa Chiarabu cha m'mabuku ndi pa nkhani za pawailesi, chotchedwa fusha, si chimene anthu amayankhula kunyumba. Amene anaphunzira kumadrasa ali ndi poyambira pabwino, komabe adzamva zachilendo: pofunsa kuti "muli bwanji", buku limati "kayfa haluk", wa ku Kuwait amati "shlonak", pamene wa ku Egypt amati "izzayak". Choncho pofufuza maphunziro pa YouTube, sankhani a chiyankhulo cha dziko lanulo.

Chachiwiri, lowezani malonje. "As-salamu alaykum" amayankhidwa kuti "wa alaykum as-salam", ndipo munthu wa chipembedzo chilichonse akhoza kupereka moni umenewu. Zikomo ndi "shukran", yankho lake "afwan". Popempha, mwamuna mumamuuza kuti "min fadlak", mkazi "min fadlik", pakuti Chiarabu chimasiyanitsa amuna ndi akazi ngakhale pa mawu akuti "iwe".

Samalani katchulidwe mukamawerenga mawu olembedwa m'zilembo zathu. "Kh" wa mu "khamsa" si wa mu "khasu", koma amatuluka kukhosi ngati mukukhosomola pang'ono, ndipo "th" wa mu "thalatha" si wa mu "thumba", koma lilime limagunda mano akutsogolo mpweya n'kumatuluka. Musasinthanitsenso "l" ndi "r" monga timachitira kwathu kuno, popeza kwa iwo ndi zilembo ziwiri zosiyana.

Chachitatu, ndipo apa m'pofunika kukhalitsapo, phunzirani manambala. Kuyambira 1 mpaka 10 amati wahid, ithnayn, thalatha, arba'a, khamsa, sitta, sab'a, thamaniya, tis'a, ashara. Kupitirira 20 amayamba kutchula nambala yaing'ono, moti 25 ndi "khamsa wa ishrin", kutanthauza zisanu ndi makumi awiri. Wosazolowera amamva 52. Kalembedwe kake nakonso kamasocheretsa, chifukwa ٥ amene akuoneka ngati ziro ndi 5, ziro weniweni ndi kadontho ٠, ndipo ٦ amene akufanana ndi 7 ndi 6. Ngakhale mawu amalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, manambala amawerengedwa kuchokera kumanzere monga mwa masiku onse. Kumbukiraninso kuti dinar ya ku Kuwait ili ndi mafils 1,000 ndipo rial ya ku Oman ili ndi mabaisa 1,000, kotero mtengo wolembedwa 1.500 ndi imodzi ndi theka basi. Pofunsa mtengo nenani "bikam?", ndipo ukakwera nenani "ghali", ndiye kuti wadula.

Chachinayi, sungani mawu okupulumutsani pamavuto, makamaka ngati mukukagwira ntchito ya m'nyumba kumene foni ikhoza kukhala kutali nanu. Chipatala ndi "mustashfa", polisi "shurta", ofesi ya kazembe "sifara", pasipoti "jawaz", malipiro "ratib", mgwirizano wa ntchito "aqd", ndipo bwana amene chitupa chanu chokhalira m'dzikomo chili m'dzina lake ndi "kafil". "Sa'idni" ndi "ndithandizeni", "ana marid" (mkazi amati "ana marida") ndi "ndikudwala". Lembani mawuwa papepala limodzi ndi nambala za polisi, zomwe ndi 999 ku UAE (dziko limene kuli Dubai) ndi Qatar, 112 ku Kuwait, ndi 9999 ku Oman. Koposa onsewa gwiritsitsani "ma afham", kutanthauza "sindikumva", ndipo muwanene mopanda manyazi wina akakupatsani pepala la Chiarabu chokhachokha kuti musayine. Pemphani kuti likumasuliridweni kaye, chifukwa m'mayiko amenewa pakabuka mkangano, mawu a Chiarabu ndi amene khoti limatsata.

Zilembo, zomwe zilipo 28, mukhoza kuzisiya kumapeto. Yambani ndi kuzindikira maonekedwe a mawu ochepa a pazikwangwani, monga مخرج potulukira, رجال amuna ndi نساء akazi, kuti musalowe chimbudzi kapena malo opempherera olakwika. Mukafika, yesererani ndi ogulitsa m'sitolo yapafupi, koma mvetserani kwambiri eni dziko, chifukwa antchito ambiri ochokera ku India, Bangladesh ndi Philippines amayankhula Chiarabu chodukaduka chimene n'chosavuta kutengera.