Kusintha Bala ya Ma Cocktail Kuti Izikopa Achinyamata

Ngati bala yanu ya ma cocktail (zakumwa zosakaniza) imangodzaza ndi achikulire ndipo mukufuna achinyamata azibwera, yambani mwakonzeka ndi izi: mabuku a malonda a miyezi yapitayi, ndalama zogwirira ntchitoyi, ndiponso laisensi yanu, chifukwa kusintha dzina kapena maola otsegulira kungafune chilolezo chatsopano.

1. Funsani achinyamata enieniwo, a msinkhu wololedwa kumwa, chomwe chimawalepheretsa kulowa. Musangoganiza nokha.

2. Fupikitsani menyu. Chotsani zakumwa zosayenda malonda, muikepo zopanda mowa monga cocktail ya mojito wopanda mowa wa ramu, koma wokonzedwa mosamala ndi minti ndi laimu. Si onse obwera kudzacheza amene amafuna kuledzera.

3. Konzani magetsi ndi nyimbo. Pa kauntala paziwala mokwanira kuti tambula izioneka bwino pa chithunzi. Nyimbo zisakwere mpaka anthu kumakuwa kuti amvane.

4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amathamangira kusintha dzina ndi chikwangwani, pomwe zakumwa ndi kalandiridwe ka alendo zili chimodzimodzi. Wachinyamata amabwera kamodzi, n'kudikira chakumwa mpaka kutopa, osabweranso, makasitomala akale nawonso atathawa kale. Phunzitsani kaye antchito, muyese menyu yatsopano tsiku la pakati pa sabata. Dzina libwere pomaliza.

5. Lengezani pa Instagram ndi TikTok ndi makanema aafupi a wosakaniza zakumwa ali pa ntchito.

6. Ikani munthu pakhomo woona ziphaso. Wosakwana zaka asalowe ngakhale achonderere bwanji, apo ayi laisensi ikhoza kulandidwa.