Kukaona laibulale ndi manda a Jimmy Carter ku Georgia

Chimene chimasokoneza ulendowu ndi kuganiza kuti laibulale ndi manda zili pamalo amodzi. Laibulale ya Jimmy Carter, pulezidenti wa America kuyambira 1977 mpaka 1981, ili mumzinda wa Atlanta m'chigawo cha Georgia ku America, pomwe manda ali kwawo ku Plains, mtunda wa makilomita pafupifupi 250 chakummwera. Konzani masiku awiri. Mukazipanikiza tsiku limodzi mudzafika ku Plains dzuwa litapendeka, atatseka kale.

Yambani ndi Atlanta. Laibulaleyi inatsegulidwa mu 1986 ndipo ili pa John Lewis Freedom Parkway. Si yobwereka mabuku ayi. Mbali ina amasungako zikalata za boma, kumene ofufuza amalowa atapangana kaye ndi ogwira ntchito, ndipo mbali ina ndi myuziyamu yolipira pakhomo. Mmenemo muli ofesi yomangidwa mofanana ndi Oval Office, ofesi ya pulezidenti ku White House, komanso mendulo ya mphoto ya mtendere ya Nobel imene Carter analandira mu 2002. Patulani maola awiri kapena atatu. Musananyamuke onani pa intaneti masiku otsegula, chifukwa malowa ndi a boma, ndipo aphungu akalephera kugwirizana pa bajeti amatsekedwa.

Musathamange pa gawo la Carter Center, bungwe limene iye ndi mkazi wake Rosalynn anakhazikitsa mu 1982. Mtima wa ulendo wonse uli pamenepo. Bungweli limalimbana ndi nyongolotsi ya Guinea, imene imalowa mwa munthu akamwa madzi a pathamanda okhala ndi tizilombo tosaoneka bwino ndi maso. Pakatha chaka, nyongolotsi yotalika pafupifupi mita imodzi imaboola khungu, kawirikawiri pamwendo, ndipo amaikulunga pa kamtengo pang'onopang'ono kwa masabata. Ilibe mankhwala, ilibe katemera. Chimene chinathandiza ndi kansalu kosefera madzi, kapaipi komwera kokhala ndi sefa, ndi anthu odzipereka m'midzi oletsa wodwala kuviika bala padziwe. Mu 1986 odwala anali pafupifupi 3.5 miliyoni m'maiko 21, koma mu 2023 anapezeka 14 okha. Bungwe lomweli limayang'aniranso zisankho, ndipo Carter mwiniwake anali ku Zambia mu 1991 pamene Frederick Chiluba anagonjetsa Kenneth Kaunda.

Tsiku lachiwiri chitani hayala galimoto, poti basi yokafika ku Plains simungaidalire. Ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu, ndipo kumbukirani kuti kumeneko amayendetsa kumanja. Malo ogona ambiri ali ku Americus, makilomita 16 kuchokera ku Plains.

Fikirani pa Plains High School, pamene anaphunzira Carter ndi Rosalynn. Pano mpamene alendo amalandirira mapu, ndipo kulowa n'kwaulere. Kenako pitani pa siteshoni yakale ya sitima imene inali likulu la kampeni ya 1976, ndi ku famu ya ku Archery kumene Carter anakulira m'nyumba imene poyamba inalibe magetsi kapena madzi a m'mipope.

Manda ali m'munda wa nyumba yawo pa Woodland Drive, pafupi ndi dziwe. Rosalynn anamwalira pa 19 Novembala 2023, Carter pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100, ndipo anagona moyandikana pansi pa miyala yosadzionetsera. Funsani pa sukulu paja nthawi yolowera. Lankhulani motsitsa mawu, yendani m'kanjira kokonzedwa, ndipo miyezi ya Juni mpaka Ogasiti tengani madzi akumwa ndi chipewa, chifukwa kumatentha kwambiri.