Mukafuna kulowa mkangano wa Godzilla, yambani chonchi

Musanatsutsane ndi munthu za Godzilla, chilombo chachikulu cha m'mafilimu, mufunseni kaye kuti anayamba kuonera uti. Ine ndimameta tsitsi ku Chilenje mu Lusaka, TV ili pakhoma tsiku lonse malaiti akakhalapo, ndipo funso limeneli limazimitsa mikangano yambiri isanayake. Amalume amene anakulira pa matepi adzakuuzani kuti weniweni ndi uja munthu wovala chisuti cha labala, wopondaponda tinyumba ta ku Tokyo. Amene anali mnyamata mu 1998 amakumbukira chibuluzi chothamanga m'misewu ya New York, ndipo amadabwa anthu akamachinyoza. Ana a masiku ano amadziwa wa ku America wonenepa khosi uja, womenyana ndi chinyani chachikulu chotchedwa Kong. Dzina ndi limodzi koma zilombo n'zosiyana, ndipo kampani ya Toho ya ku Japan yokha yatulutsa mafilimu opitirira 30. Simungaonere onse musanatsegule pakamwa. Chofunika n'kudziwa koyambira, kodumpha, ndi zoyankha.

Yambani ndi wa 1954, ndipo onetsetsani kuti ndi wa Chijapani. Pali awiri ofanana kunja. Mu 1956 anthu a ku America anatenga filimuyi, anaidula, n'kulowetsamo wosewera wawo Raymond Burr ngati mtolankhani. Mukaona mzungu akuonekera pafupipafupi n'kumakufotokozerani zimene zikuchitika, dziwani kuti mwagwira yolakwika. Imene mukufuna ndi ya Ishiro Honda, yopanda mitundu, anthu akulankhula chinenero chawo, mawu olembedwa pansi.

Musanaiyatse, dziwani chimene chinachitika chaka chimenecho. Pa 1 Malichi 1954 dziko la America linaphulitsa bomba la nyukiliya loyesera ku Bikini Atoll, ndipo phulusa lake linagwera boti la asodzi a ku Japan lotchedwa Daigo Fukuryu Maru. Munali anthu 23, onse anadwala, ndipo woyang'anira wailesi ya m'botilo anamwalira mu Sepitembala. Anthu anayamba kuopa nsomba pamsika. Apa n'kuti zaka 9 zokha zitapita kuchokera pa mabomba a ku Hiroshima ndi Nagasaki. Filimuyi inatuluka mu Novembala, ndipo imayamba ndi maboti akupsa panyanja popanda wodziwa chawapsereza. Amene anakhala m'holo tsiku limenelo sanafunike wowamasulira.

Muionere usiku, mawu okweza, mafoni pansi. Masana, anyamata akuseka chisuti, imafa. Koma usiku muona kuti chilombocho amachionetsa mumdima, moto kumbuyo, ndipo kamera imachedwa kwambiri pa anthu kusiyana ndi pa icho: chipatala chodzaza mpaka pansi, dokotala akuyeza mwana ndi kamakina koyezera poizoni wa bomba, mayi atakumbatira ana ake pakhoma moto ukubwera. Tcherani khutu pa kulira kwake. Si mkango kapena njovu ayi. Akira Ifukube, amene anapeka nyimbo za filimuyi, anagwiritsa ntchito golovesi ya chikopa yopakidwa utomoni, kuikhuza pa zingwe za chida choimbira chachikulu chotchedwa contrabass, kenako n'kuchedwetsa tepi. Munthu amene anali m'chisuticho, Haruo Nakajima, ananyamula makilogalamu pafupifupi 100 pansi pa magetsi otentha a situdiyo. Kuyenda kolemera kuja si luso lokha, n'kulemedwa kwenikweni.

Mukamaliza, musatsatire zaka. Dumphani mpaka 2023, pa Godzilla Minus One ya Takashi Yamazaki, imene inaikidwa pa Netflix mu 2024. Awiriwa ndi pachibale. Nkhani yake ikuchitika nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, Tokyo ali phulusa, ndipo mwini nkhani ndi woyendetsa ndege amene anatumidwa kukafa koma anabwerako wamoyo ndi manyazi. Godzilla wa muno ndi wolusa mwadala. Amathamangitsa kaboti ka matabwa mutu uli pamwamba pa madzi, maso ali pa anthu. Akafuna kulavula moto, minga ya kumsana imatumphuka umodziumodzi kuyambira kumchira, ndipo chimene chimatsatira ku Ginza, dera la mu Tokyo, ndi mtambo wa bomba ndi mvula yakuda. Amene amalimbana naye pomaliza si boma, ndi anthu wamba ndi asilikali akale a panyanja, ndi nzeru yomumiza mamita 1,500 mwadzidzidzi n'kumukwezanso msanga. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya zithunzi zopangidwa pa kompyuta mu Malichi 2024, yoyamba m'mbiri yonse ya Godzilla, ndipo anthu amene anagwira ntchitoyo anali 35 okha. Ndaonapo kasitomala atametedwa kale, walipira, koma wakhalabe pabenchi kudikira mapeto. Ngati muli ndi mlamu amene amati mafilimu a zilombo ndi a ana, muyambitseni pamenepa.

Tsopano mwadziwa Godzilla ngati chilango. Mbali ina ya mkangano ndi ya amene amamukonda ngati mtetezi, ndipo muyenera kuwamvetsa musanawaseke. Kuyambira 1964, pamene anagwirizana ndi zilombo zouluka, Mothra ndi Rodan, kuthamangitsa chinjoka cha mitu itatu chija, King Ghidorah, Toho inayamba kumufewetsa. Mu 1965 anavina atapambana ndewu. Mu 1967 anapeza mwana, Minilla, n'kumamuphunzitsa kulavula moto pomuponda mchira. Mu 1971, polimbana ndi Hedorah, chilombo chobadwa ku zinyalala ndi utsi wa mafakitale, anauluka chammbuyo pogwiritsa ntchito moto wa m'kamwa mwake. Mu 1973 anatsetsereka pa mchira n'kumenya chilombo chotchedwa Megalon ndi mapazi onse awiri. Sankhani awiri mwa amenewa, itanani ana, kazingani chimanga. Musawaonere nokha ndi nkhope ya kumaliro. Anapangidwa kuti ana akuwe, ndipo amalume akamawateteza, akuteteza Loweruka lawo la ubwana. Pamenepo palibe chotsutsa.

Za 1984 mpaka 1995 ndidutsapo msanga, ngakhale okonda ambiri amati maonekedwe abwino koposa ndi a nthawi imeneyi: nkhope yolusa, mizere iwiri ya mano, ntchafu zonenepa. Mukakhala ndi nthawi ya filimu imodzi, tengani ya 1995 yolimbana ndi Destoroyah, mmene thupi lake likuyaka mofiira kuchokera mkati mpaka kusungunuka. Mukakhala ndi ya ziwiri, onjezani ya 1989 ya Biollante.

Wa 1998 ndiye amafuna kusamala, chifukwa apa mpamene mawu amakwera. Roland Emmerich anapanga buluzi wa mtundu wa iguana amene anakula chifukwa cha mabomba oyesera a dziko la France, wowonda, wothamanga, woikira mazira mu Madison Square Garden, holo ya masewera ya ku New York. Amene amamukonda amanena zoona kuti ndi wachangu ndipo amaoneka ngati nyama yeniyeni. Musalimbane nawo pa maonekedwe, simupambana. Afunseni zinthu ziwiri basi. Asilikali akabwera amatani? Amathawa n'kubisala pakati pa nyumba. Amafa bwanji? Ndi mizinga ya ndege, atakodwa pa Brooklyn Bridge. Godzilla wa Toho sathawa akasinja, amayenda molunjika, ndipo mizinga imangomukwiyitsa. Chimene chimaopsa mwa iye n'chakuti zida za anthu sizithandiza, ndiye ukachotsa chimenecho watsala ndi buluzi wamkulu chabe. A Toho anayankha mwa njira yawo: chilombochi anachitcha Zilla, ndipo mu filimu ya Final Wars ya 2004 anachikumanitsa ndi Godzilla wawo ku Sydney. Ndewu yake siinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Kachidutswa kameneka kasungeni pafoni, koma mukaonetse pomaliza, osati poyamba, ndipo musamuonetse munthu lumo lili pakhosi pake.

Shin Godzilla ya 2016 ndi imene imagawa anthu pakati, ndipo ine ndili kumbali yoikonda. Hideaki Anno ndi Shinji Higuchi anaipanga chivomezi ndi tsunami ya 2011 ndi ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima zikadali m'mitima ya anthu. Chilombo chimatuluka mumtsinje chikukwawa, maso ali tong'o ngati a nsomba yakufa, magazi akukhuthuka m'mbali mwa khosi, chikukankha maboti ndi magalimoto m'misewu. Poyamba anthu amaseka. Kenako chimaimirira, chimasintha thupi, chimabweranso chachikulu, ndipo usiku umene nsagwada yake ya pansi imang'ambika pakati n'kutulutsa cheza chofiirira chodula nyumba, palibe amene amasekanso. Koma theka la filimuyi ndi misonkhano. Nduna zikusamuka m'chipinda china kupita china kuti msonkhano ukhale ndi dzina loyenera, akuluakulu akufunsana kuti nkhaniyi ndi ya unduna uti, mkulu akuuza atolankhani kuti chilombo sichingatuluke kumtunda pamene chatuluka kale. Odana nayo amati munthu sunalipire bandulo kuti uone anthu a masuti akusaina mapepala. Ine ndimati misonkhanoyo ndiyo filimu. Ndaona kuti makasitomala ogwira ntchito m'maofesi ndi amene amaseka kwambiri, kuseka kwa munthu wozindikira kwawo. Malangizo anga: muionere muli maso, osati mutatopa, chifukwa mawu olembedwa pansi amathamanga ndipo dzina la munthu aliyense ndi udindo wake zimalembedwanso pamwamba. Musayese kuloweza maina. Tsatirani kagulu ka achinyamata ndi akatswiri osalemekezedwa kaja, ndi amene amapeza njira yomuumitsa ndi mankhwala opopedwa m'kamwa ndi magalimoto a konkire.

A ku America atsopano, oyambira mu 2014, safuna kukonzekera kulikonse. Ya Gareth Edwards ya 2014 anthu amaidandaula kuti ndewu ikangoyamba kamera imachoka, ndipo wosewera Bryan Cranston amene ambiri anamutsatira amafa msanga. Dandaulo ndi loona, komabe palibe ina imene imakumvetsa kulemera kwa chilombochi ngati imeneyo. Ya 2019 inabweretsanso Ghidorah, Mothra ndi Rodan. Pofika 2024 Godzilla anali wa pinki, akuthamanga limodzi ndi Kong, akugona mu Colosseum, bwalo lakalekale la ku Rome. Amene amanyoza kuvina kwa 1965 koma n'kumaombera m'manja zimenezi, akumbutseni mwaulemu kuti ndi mzimu womwewo, kungoti wavala kompyuta.

Funso la Kong lidzabwera ndithu, ndiye khalani ndi yankho. Mu 1962 awiriwa anagwera m'nyanja ndipo amene anatuluka n'kusambira kubwerera kwawo ndi Kong. Mudzamva wina akulumbira kuti ku Japan anaonetsa mapeto ena mmene Godzilla anapambana. Ndi mphekesera yakale, mapeto ndi amodzi. Mu 2021 ku Hong Kong Godzilla anamugwetsa Kong n'kumuponda pachifuwa, ndipo Kong anachita kudzutsidwa ndi anthu. Aliyense ali ndi chigoli chimodzi.

Nkhani ya msinkhu ndi imene anyamata amaikonda, ndipo imathandiza kukhala ndi choyezera chodziwika. Nyumba yaitali ya Findeco House pa Cairo Road mu Lusaka ndi mamita 90. Godzilla wa 1954 anali mamita 50, kungopitirira pang'ono theka la nyumbayo, ndipo wa Minus One anabwerera pomwepo. Mu 1984 anamukweza kufika 80 chifukwa nyumba za ku Tokyo zinali zitatalika ndipo wakale akanaoneka mwana pakati pake. Mu 1991 anafika 100, wa 2014 ndi 108, Shin ndi 118.5, ndipo wa makatuni a 2017 ndi 300. Manambalawa alowezeni, koma onani kuti awiri amene amaopsa anthu koposa m'shopu mwanga ndi a mamita 50 aja. Wamfupi amakuona iwe munthu mmodzi pamsewu, pamene wa mamita 300 sadziwa n'komwe kuti ulipo.

Wina akakupanikizani kuti mutchule wanu, musanene kuti onse ndi abwino, amenewo ndi mayankho a munthu wosaonera. Tchulani mmodzi, chaka chake, ndi chithunzi chimodzi chimene chinakukhalani m'mutu. Ine ndimatchula wa 2001 wa Shusuke Kaneko, wa maso oyera opanda kadontho kakuda, amene filimu imati wadzazidwa ndi mizimu ya anthu ofa pa nkhondo ya ku Pacific, yokwiya chifukwa anthu aiwala. Ambiri sanamuonepo, ndiye mkangano umasanduka kufunsa kuti angamupeze kuti. Ana osakwana zaka khumi musawaonetse ameneyu kapena Shin. Apatseni Minilla ndi Mothra, zinazo adzazipeza akakula.