Phula la njuchi ndi mafuta a ng'ombe: za gogodera ndi zitsulo zathu za pakhomo

Mwezi wa Okutobala ndinali kumudzi wina kupitirira Mitundu, njira yopita ku Dzalanyama, kukacheza ndi alimi a njuchi. Titamaliza zokambirana, agogo ena anandikodola.

"Alangizi, tabwerani mudzaone katundu amene anandisiyira malemu bambo anga."

Anatulutsa mfuti ya gogodera, ija yothira onga ndi chipolopolo cha kukamwa kwa mpope, yokulunga m'chitenje chakale, chiphaso chake chili m'kapepala ka pulasitiki. Nditasuzumira kukamwa kwa mpope ndinaona zinthu zakuda bii, zouma gwa, zomata ngati phula la pamsewu. Mdzukulu wawo, pofuna kuwathandiza, anali atagula girizi ya galimoto mtauni nkumapaka zipolopolo ndi m'kati mwa mpope. Agogowo anati kale bambo awo ankangopaka phula la njuchi losakaniza ndi mafuta a nyama, ndipo mfuti sinkachita zimenezi.

Agogo aja ankanena zoona, ndipo chifukwa chake chilipo. Onga wakuda uja wa gogodera sunyeka wonse. Zotsalira zake zimaposa theka la kulemera kwa onga umene mwathira, ndipo zambiri zimakakamira m'mpope ngati mwaye. Mwaye umenewu uli ndi michere ndi sufule, umakoka chinyontho cha mumpweya, nkuyamba kudya chitsulo usiku umodzi wokha. Ntchito ya mafuta opaka chipolopolo ndiyo kufewetsa mwayewo kuti chipolopolo chotsatira chilowe mosavuta komanso kuti potsuka uchoke msanga. Mafuta a nyama ndi a zomera amagwirizana ndi mwaye wa onga wakuda, amausiya wofewa ngati phala. Girizi ndi oyilo wa galimoto, zochokera ku mafuta okumba pansi, zikakumana ndi moto wa onga umenewu zimapsa nkusanduka nkhoko yolimba yosamva madzi. Ndiyo imene ndinaiona m'mfuti ya agogo.

Nzeruyi ndi yakale. Asilikali a ku Britain ndi a ku America a zaka za m'ma 1850 ankanyika zipolopolo zawo m'phula ndi mafuta a nyama. Mu 1857 asilikali a ku India anaukira Angerezi, ndipo chimodzi mwa zimene zinabutsa moto chinali mphekesera yakuti makatiriji a mfuti yatsopano ya Enfield, amene msilikali ankaluma ndi mano asanathire onga, anapakidwa mafuta a ng'ombe ndi a nkhumba. Kwa Mhindu ndi Msilamu chimenecho chinali chipongwe chachikulu. Ndimaikumbukira nkhaniyi ndikamalangiza m'midzi momwe muli anthu a zipembedzo zosiyana: musanapatse mnzanu kachitini ka mafuta opanga nokha, muuzeni nyama imene mwatengako.

Kumaiko kumene anthu amawombera mfuti zakalezi ngati masewera, mafuta ake amagulitsidwa okonzakonza. Kuli SPG, kuli Bore Butter wa kampani ya Thompson/Center, kulinso Ballistol wa ku Germany amene anapangidwa koyamba mu 1904. Ubwino wa ogulawa ndi wakuti chitini cha lero chimafanana ndi cha mawa, ndipo savunda msanga. Koma kuitanitsa kachitini kamodzi kuchokera kunja kumafuna ndalama zakunja, pamene zisa za njuchi tikungozitaya kuseri kwa nyumba tikafinya uchi. Zimenezi zimandiwawa mtima ndithu. Chaka chilichonse ndimapeza milu ya zisa ikudyedwa ndi nyerere, mlimi yemweyo akudandaula kuti makasu achita dzimbiri ndipo girizi yakwera mtengo.

Kapangidwe kake nkosavuta, koma kamafuna kudekha. Wiritsani zisa m'madzi, sefani ndi chiguduli choyera, musiye zizizire; phula limayandama pamwamba nkuuma ngati chikondamoyo chachikasu, zinyalala zili kunsi kwake zoti mungozipala ndi mpeni. Mafuta abwino ndi olimba aja ozungulira impso za ng'ombe, nkhosa kapena mbuzi. Aduleni tizidutswa, asungunuleni pa moto wochepa, sefani, kenaka muwawiritsenso m'madzi kuti magazi ndi tinyama titsalire pansi. Mchere usayandikire. Mafuta otsala pokazinga ndiwo, majarini, kapena alionse othira mchere amabweretsa dzimbiri lomwe mukuthawalo.

Posakaniza yambani ndi muyezo umodzi wa phula ndi umodzi wa mafuta. Ikani m'chitini, chitinicho muchikhazike m'mphika wa madzi otentha. Musachiike pa makala mwachindunji, phula likapsa limagwira moto. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene mafuta a ng'ombe amayamba kufewa akangodutsa madigiri 40, ndiye muyezo wake umatsata nyengo. Kuno ku Lilongwe, Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo chitsulo chimene chakhala padzuwa chimatentha kuposa pamenepo, choncho onjezerani phula. Mu Juni ndi Julayi zosakanizazo zimauma nkumanyenyeka. Thiranimo supuni imodzi kapena ziwiri za mafuta a mpendadzuwa. Ine ndimayesa ndi chala: zikazizira ndimadina ndi chala chachikulu. Chikalowa pang'ono nkusiya chidindo, zili bwino. Zikamata ngati chiponde, phula lachepa.

Pa mfutiyo ndiyenera kunena mosabisa. Mfuti iliyonse, ngakhale gogodera ya makolo, imafuna chiphaso cha apolisi malinga ndi lamulo la mfuti la dziko lino, ndipo yosula nokha ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, moti wopha nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu akhoza kukhala kundende mpaka zaka 30. Amene muli ndi chiphaso, mukaitulutsa mfuti yakale muziitenga ngati ili ndi onga kale, chifukwa ambiri ankaisunga yodzaza ndipo onga wakuda suwola ukakhala pouma. Musathiremo onga wa m'makatiriji amakono; mphamvu yake imang'amba mpope wa gogodera m'manja mwanu. Ndipo mafuta sachotsa ntchito yotsuka. Tsiku lomwelo mwawombera, tsukani mpope ndi madzi otentha ndi sopo, umitsani bwinobwino, ndiye mupake.

Ambiri a inu mulibe mfuti, koma kachitini komweka kali ndi ntchito pakhomo. Tikamaliza kupalira ndi kubandira, makasu, zikwanje, nkhwangwa ndi mano a pulawo timangoziponya m'khonde mpaka mvula ina. Zitsukeni, ziume, muzipake pang'ono ndi kansanza chitsulo chikadali chofunda ndi dzuwa. Zingwe zachikopa za ng'ombe za pangolo nazo zimafewa ndipo sizing'aluka. Chitinicho chikhale ndi chivindikiro cholimba, pakuti makoswe ndi agalu amalimva fungo lake patali.

Pali malo amene zopanga tokhazi sizithandiza, ndipo ndinaphunzira zimenezi movutika. Ndinauza mlimi wina kuti akhoza kupaka m'mabering'i a mateyala a ngolo yake. Ananyamula matumba a chimanga kupita ku msika wa Mitundu masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo asanafike mafuta onse anali atasungunuka nkudontha m'njira, bering'i ikulira. Ndinamugulira ina ndi ndalama zanga. Chilichonse chozungulira msanga ndi kutentha, monga mabering'i a ngolo, a njinga, a chigayo kapena a pampu, chimafuna girizi yogula, chifukwa imapangidwa kuti isasungunuke pa kutentha kotero.

Mfuti ya agogo aja inatitengera masana onse. Nkhoko ya girizi inakana madzi, mpaka tinayamba kuifewetsa ndi palafini, kenaka nkutsuka ndi madzi a sopo katatu. M'kati munali mutadyeka kale timaenje, ndipo ndinawapempha kuti asaiwomberenso. Tinaipaka phula lochokera m'ming'oma yawo yomwe, mdzukulu uja akugwirizira chitini, iwo nkuikulunganso m'chitenje chija.