Mukafuna kukayenda ku Chongoni, chitani chonchi

Anzanga a ku Lilongwe amangondifunsa pa WhatsApp kuti aise, ku Chongoni kuja timafikako bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi basi. Ine ndi wa konkuno ku Dedza ndipo nkhalango imeneyi ndimaikonda kwambiri, ndi imene inatilera, bowa, masuku, nkhuni, madzi a m'mitsinje, zonse zimachokera mmenemo.

Mukakwera minibasi pa M1 kuchokera ku Lilongwe mumatsika musanafike pa boma la Dedza, kenako kabaza akutengani mpaka ku Malawi College of Forestry and Wildlife, koleji ya zankhalango imene ili mkati mwenimweni mwa Chongoni. Ngati ndi June kapena July tengani juzi yeniyeni, kuno kumazizira mpaka mano kuwombana, nkhungu m'mawa osaona ndi phiri lomwe. Nsapato zikhale zotseka.

Koma chachikulu ndi ichi, musangolowa ngati m'munda mwa amalume anu. Fikani kaye kwa anthu, perekani moni bwinobwino, "Mwaswera bwanji agogo, ndife alendo tikufuna kuona nawo mapanga", ndipo mufunse munthu wokuperekezani. Nkhalango yaikuluyo ndi ya boma, koma m'mbali mwake muli nkhalango za m'midzi zimene zili pansi pa a mfumu ndi komiti yoona zachilengedwe, ija amati VNRMC, lamulo la nkhalango la 1997 limalola zimenezi. Anthu amenewa ndi amene amadzuka usiku kukazimitsa moto, ndiye kangachepe mukampatse gaidi wanu mosanyinyirika. Komanso iyeyo ndi amene akuuzeni kuti katchire aka ndi manda musayandikeko. Kuno ndi kwa Achewa, kumanda ndi kudambwe, mlendo sangofikako chifukwa waona mitengo yokongola.

Tsopano za mapanga, apa ndiye ndikhalitsepo. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula za pa miyala ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Alendo ambiri amafika ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambula zofiira zija, mizeremizere ndi zozungulira, ndi zakalekale za Akafula amene ankakhala kuno akusaka nyama, pomwe zoyera zinajambulidwa ndi makolo athu ndi dothi loyera, zina ndi za chinamwali zina za Nyau. Dothi limenelo silichedwa kufufutika. Ndiye musagwire, ngakhale ndi chala chimodzi, thukuta ndi mafuta a m'manja zimawononga. Musathire madzi kuti ati zioneke bwino pa foni. Ine tsiku lina ndinapeza anyamata atathira madzi a m'botolo pa chojambula, wina ali kalikiliki kulemba dzina lake ndi la chibwenzi chake ndi khala pambali pomwepo, mtima unandipweteka zedi moti ndinasowa choyankhula kwa kanthawi, chinthu chakhala pamenepo mibadwo ndi mibadwo iwe nkuchidetsa masana amodzi. Moto m'phanga ayi, mwaye umakuta mwala ndipo suchoka. Jambulani zithunzi mmene mungafunire, zimenezo palibe akuletseni.

Majumbo, mabotolo, mapepala a masikono, bwererani nazo mu chikwama.

Moto ndi umene umatipweteka kwambiri kuyambira August mpaka October udzu ukauma. Kachidutswa ka fodya kamodzi kapena osaka mbewa akayatsa, phiri lonse limapsa, ndipo mitengo ikuluikulu ya mombo ndi msuku imapulumuka koma timitengo tating'ono timathera pomwepo. Nchifukwa chake makomiti amalambula mizere yotchinga moto mvula ikangotha, ena amawotcheratu udzu usanaumitsitse kuti moto ukhale wofatsa. Ngati mukufuna kuthandiza ndi manja anu, bwerani nthawi imeneyo ndi khasu kapena chikwanje, mukafunse a komiti tsiku la ntchito.

Ambiri amakonda zodzala mitengo chifukwa nyengo yake imadziwika, 15 December mpaka 15 April, ndi zabwino ndithu, koma ine maganizo anga ndi akuti kusamala zitsa zophukira kumaposa. Chitsa cha mombo chili ndi mizu kale pansi, mukangopatulira mphukira nkusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, nkuteteza ku mbuzi ndi moto, pakangopita zaka zochepa muona tchire labwerera, pomwe mbande zodzala tsiku la mwambo nkuzisiya osapalira zambiri zimauma.

Nthawi ya dzinja mupeza amayi akuzula bowa, utale, manyame, gulani kwa iwowo, osamazula nokha chifukwa wina ndi wakupha. Masuku tolani akugwa okha, osaponya miyala mu mtengo kapena kuthyola nthambi. Ndipo pobwerera, makala a m'mbali mwa msewu aja, ngati wogulitsa alibe chiphaso, thumba limenelo lisiyeni, nthawi zambiri ndi mombo womwe uja munakhala pa mthunzi wake masana.